Masabata osankha ndekha ndinakathera ku opaleshoni

Pa maphunziro a physician assistant (wachipatala amene amayeza ndi kuchiza odwala mothandizana ndi dokotala) kuno ku America timazungulira m'madipatimenti a chipatala kwa maola pafupifupi 2,000, koma ndi masabata ochepa chabe amene wophunzira amasankha yekha kopita. Anzanga ena anasankha malo opepuka kuti apumeko, ndipo sindikuwaweruza. Ine ndinapempha kupita ku opaleshoni pa chipatala chimene chili ndi residency, maphunziro owonjezera osakakamiza a ma physician assistant amene anayambira pa chipatala cha Montefiore, ku New York, mu 1971. Ndinkafika mbandakucha kukawerenga mafayilo a odwala, kenako ndinkagwira zitsulo zokanulira bala mpaka manja kuchita dzanzi. Dokotala amene ankandiona ndikusoka khungu tsiku ndi tsiku ndiye anandilembera kalata yondichitira umboni pamene ndinkafunsira malo pachipatala chomwecho.