Momwe ndimalembera chimangirizo chokhutiritsa wowerenga ku koleji

Ndikapatsidwa funso la chimangirizo, sindithamangira kulemba mawu oyamba. Ndimaliwerenga funsolo mokweza, n'kudula mzere pansi pa mneni amene aphunzitsi agwiritsa ntchito. "Fotokozani" akufuna ndionetse kuti ndamvetsa, pomwe "vomerezani kapena tsutsani" akufuna ndiime mbali imodzi ndi kuiteteza. Ndikuuzani mmene ndinayendera ndi funso ili: kodi mayeso a kumapeto kwa semesita ndi okwanira kuyeza zimene wophunzira akudziwa?

Choyamba ndinatenga kope n'kulemba kwa mphindi 10 osaimitsa cholembera, osafufuta, osasamala za galamala. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi Peter Elbow, mphunzitsi wa ku America, mu 1973, ndipo cholinga chake n'chakuti munthu asamalembe ndi kudziweruza nthawi imodzi. Zambiri zimene zinatuluka zinali madandaulo wamba: mantha a tsiku la mayeso, kuloweza, kuiwala. Koma chakumunsi kwa tsamba kunali chiganizo chakuti munthu yemweyo, ndi nzeru zomwezo, angathe kukhoza lero n'kulephera mawa. Pamenepo ndi pomwe panali nkhani yanga.

Ku laibulale ndinapita ndili ndi funso, osati mutu chabe. Zimenezi zimachepetsa kwambiri zowerenga, chifukwa buku lililonse umalifunsa chinthu chimodzi. Chilichonse chimene ndinatapa ndinalemba pomwepo dzina la mlembi, chaka ndi tsamba, ndipo mawu enieni a mwiniwake ndinawaika m'zizindikiro za mawu ogwidwa kuti asadzasakanikirane ndi anga. Kuba ntchito ya ena nthawi zambiri kumayambira m'manotsi osalongosoka. Ndinafunanso dala alembi osagwirizana nane.

Kenako inafika nthawi yoika mfundo yaikulu m'chiganizo chimodzi. Muyeso wanga ndi uwu: kodi munthu wanzeru zake angathe kuikana? "Mayeso ali ndi ubwino ndi kuipa kwake" palibe angakane, choncho palibenso woti ndimukhutiritse. Ine ndinalemba kuti mayeso a tsiku limodzi asamatenge malikisi onse a phunziro.

Polumikiza umboni ndi mfundo ndi pomwe ndimataya nthawi yambiri, ndipo ndimaona kuti ndi pomwe zimangirizo zambiri zimagwera. Stephen Toulmin, katswiri wa filosofi wa ku Britain, anafotokoza mu 1958 kuti mtsutso suthera pa mfundo ndi umboni. Pakati pa ziwirizi pali chifukwa chimene umboniwo ukuchirikizira mfundoyo, ndipo olemba ambiri sachitchula poganiza kuti n'chodziwikiratu. Chili ngati mlatho: wolemba waoloka kale, koma wowerenga akadali kutsidya. Umboni wanga unali wakuti kudwala, kusagona kapena nkhawa zingasinthe mmene munthu walembera tsiku limenelo. Wowerenga akanatha kunena kuti, "Inde, nanga ndiye bwanji?" Ndinayenera kunena poyera kuti muyeso wotengedwa kangapo ndi wodalirika kuposa wotengedwa kamodzi, chifukwa zongochitika mwangozi za tsiku limodzi zimachepa mphamvu. Nditangolemba chiganizo chimenecho, ndinaona kuti nachonso chikufunika umboni wake, ndipo ndinabwerera ku zowerenga zanga kukaufuna. Tsopano ndime iliyonse ndimaifunsa mafunso omwewo: ndikunena chiyani, ndikudziwa bwanji, ndipo n'chifukwa chiyani ichi chikutsimikiza icho?

Otsutsa nawo ndimawapatsa malo, ndipo ndimasankha mfundo yawo yamphamvu, osati yofooka yoti ndigwetse mosavuta. Pa nkhaniyi inali yakuti asayimenti ya kunyumba munthu angathe kulemberedwa ndi wina, pomwe m'chipinda cha mayeso muli woyang'anira. Imeneyi ndi mfundo yoona, ndipo ndinaivomera. Inandithandizanso kuwongola maganizo anga: sindinanene kuti mayeso athetsedwe, koma kuti malikisi agawidwe pakati pa mayesowo ndi ntchito zina, zina mwa izo zolembedwa m'kalasi aphunzitsi akuona. Aristotle, zaka zoposa 2,300 zapitazo, anati omvera amakhutira ndi zinthu zitatu: khalidwe la wolankhula, mmene mitima yawo yakhudzidwira, ndi kulondola kwa mfundo zake. M'chimangirizo cha ku koleji chachitatucho ndiye chimatsogola, koma ine ndimakhulupirira kuti choyambacho chimaonekera pa mmene wawachitira otsutsana nawe. Wowerenga akaona kuti sunawanamizire, amayamba kukukhulupirira pa zinanso. N'chifukwa chake ndimasamala mawu monga "nthawi zonse" ndi "aliyense". Pomwe umboni ukungofika pa "nthawi zambiri", ndimalemba zomwezo.

Nditamaliza kulemba koyamba, ndinachisiya chigone. M'mawa mwake ndinalemba m'mbali mwa ndime iliyonse, m'mawu ochepa, ntchito imene ikugwira. Ndime ina inali ndi mfundo ziwiri, ndinaigawa. Ina inali yokoma kuwerenga koma sinkathandiza mfundo yaikulu, ndinaichotsa ngakhale ndinkaikonda. Kenako ndinapatsa mnzanga kuti awerenge, osamufotokozera kalikonse, n'kumufunsa kuti, "Ukuona ngati ndikufuna ukhulupirire chiyani, ndipo ndi pati pomwe sunakhutire?" Funso lakuti "chili bwino?" silikupatsani kanthu, chifukwa mnzanu amangoti chili bwino.

Mawu oyamba ndinawalemba pamapeto, nditadziwa bwino kumene chimangirizo chafika. Galamala ndi kalembedwe ka mawu ndinaziona pomalizira penipeni, ndikuwerenga mokweza kuti khutu ligwire zimene diso ladumpha. Chotsala chinali kusanja maina a mabuku motsatira ndondomeko imene dipatimenti imafuna, kaya APA kapena MLA, ndi kutsimikiza kuti mlembi aliyense wotchulidwa m'kati alinso pa tsamba lomaliza, chaka chake chili chimodzimodzi.