Zomba ndi kope m'manja: malo amodzi, zaka zambiri patsamba limodzi

Minibasi yochokera ku Limbe imatenga ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo kuti ifike ku Zomba, malinga ndi momwe ikuimaimira pa Njuli, pa Namadzi ndi pa Thondwe. Mukadutsa Thondwe, phiri limayamba kudzaza galasi lakutsogolo, ndipo wojambula aliyense amalakalaka kutulutsa pensulo pomwepo. Musavutike, mzere sungawongoke galimoto ikuyenda. Lembani mawu okha amene mukumva: momwe kondakitala akuitanira, momwe amayi ogulitsa nthochi akutchulira mtengo pawindo. Mawu otere ndi amene amadzasowa mukakhala patebulo.

Ulendo uno unali wa ntchito imodzi, kusonkhanitsa zojambula za kabuku ka nkhani ya m'zithunzi ya akuluakulu. Ambiri mwa ife tinakula tikudziwa makatuni a m'nyuzipepala, mabokosi atatu kapena anayi othera pa nthabwala, komanso timabuku ta mabungwe tophunzitsa za malungo ndi Edzi. Zimene kunja amazitcha graphic novel ndi zina: ndi buku lathunthu, lolemera ngati nthano yaitali kapena mbiri ya moyo wa munthu, lokambidwa m'zithunzi ndi mawu pamodzi. Art Spiegelman anajambula zimene bambo ake anaona ku Auschwitz, msasa umene Ajeremani ankapherako Ayuda, m'buku la Maus, Ayuda ali mbewa, Ajeremani ali amphaka, ndipo mu 1992 bukulo linalandira mphoto ya Pulitzer. Kuno ku Africa, Marguerite Abouet wa ku Côte d'Ivoire anayamba kutulutsa Aya de Yopougon mu 2005, nkhani ya atsikana a m'komboni ya ku Abidjan m'zaka za m'ma 1970. Mulibe nkhondo, mulibe njala, muli zibwenzi, mimba ndi mikangano ya m'banja.

Koma buku limene likuyenerana kwambiri ndi Zomba ndi Here la Richard McGuire. Linayamba ngati masamba asanu ndi limodzi mu 1989, n'kudzatuluka lathunthu mu 2014. Wojambulayo anasankha ngodya imodzi ya chipinda ndipo sanasunthe diso lake mpaka kumapeto. Chimene chimasintha ndi chaka. M'kati mwa chithunzi chachikulu amatsegula timabokosi ting'onoting'ono, kalikonse ndi chaka chake pakona, ndiye woŵerenga amaona mwana akuseŵera, nkhalamba ikudwala, ndi thengo lomwe linalipo nyumba isanamangidwe, zonsezi nthawi imodzi. Mzinda wa Zomba ukufuna njira yomweyi, chifukwa kuno zaka zinaunjikana pamalo ochepa kwambiri.

Poyambira pabwino ndi pamsika, pafupi ndi depoti. Anthu ndi ambiri ndipo sakhazikika, choncho munthu mmodzi musamupatse nthawi yoposa theka la mphindi. Jambulani msana, katundu wa pamutu, momwe chitenje chamangidwira, miyendo ya wakabaza akudikira kasitomala. Nkhope mudzaika kunyumba. Mukafuna kukhala pafupi ndi benchi ya munthu, yambani mwapereka moni, mugule kanthu, kenako munene kuti, “Amayi, ndingakhale apa ndijambuleko malowa?” Ambiri amavomera ndipo amafuna kuona zomwe zatuluka. Aonetseni. Amene wakana, musamujambule mobisa.

Kuchokera pamsika, msewu umakwera kupita kumene kuli nyumba zakale za boma. Zomba inali likulu kuyambira 1891 mpaka 1975 pamene boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana kuno mpaka m'zaka za m'ma 1990. Nyumba za njerwa zofiira, makhonde aatali, madenga a malata, zonse zikadalipo. Nyumba imene tsopano ndi hotela ya Masongola inamangidwa mu 1886. Pano ndi pamene wojambula ayenera kuchedwa. Sankhani khonde limodzi kapena mphambano imodzi, imani pamalo amodzi, mujambule mosamala mizere ikuluikulu: denga, zipilala, msewu, mzere wa phiri kumbuyo. Chithunzi chimenechi ndiye maziko. Mukafika kunyumba muchipange fotokope kakhumi kapena kuposa, ndipo papepala lililonse muziikapo anthu a nyengo ina: mesenjala wa nthawi ya atsamunda, anthu akuthaŵa madzi a Napolo mu 1946, amayi ovala nsalu ya chipani popita kokavina, wophunzira wa lero ali ndi foni m'manja. Mukasintha poimirira ngakhale pang'ono, njira yonseyi imafa, chifukwa woŵerenga sazindikiranso kuti ndi malo omwe aja.

Vuto limabwera pa zovala ndi zipangizo. Wojambula wosafufuza amaveka munthu wa mu 1950 nsapato za masiku ano, kapena kuika minibasi m'chaka chimene kunalibe, ndipo woŵerenga wamkulu msinkhu amaona msanga n'kutaya chikhulupiriro pa buku lonse. Mwayi wa Zomba ndi woti National Archives ili momwemuno, ndipo imasunga nyuzipepala zakale, zithunzi ndi makalata a boma. Pitani m'maŵa, fotokozani chimene mukufuna, tsatirani ndondomeko yawo yopezera chilolezo, ndipo tengani pensulo osati cholembera cha inki. M'nyuzipepala zakale, chuma cha wojambula chili m'masamba otsatsa malonda: njinga, mawailesi, zipewa, mabotolo, kalembedwe ka zikwangwani. Koperani kaonekedwe kake m'kope ndi kulemba chaka pambali.

Pali malo ena amene simuyenera kungofikapo n'kuyamba kujambula. Nyumba ya boma ya mtsogoleri wa dziko (State House), kampu ya asilikali ya Cobbe ndi ndende yaikulu ya Zomba ndi malo achitetezo, ndipo kope lingakubweretsereni mafunso ngati momwe kamera ingachitire. Chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, chili pafupi ndi kampuyo, choncho funsani kaye alonda musanakhale pansi.

Nkhani za ndende ndi zimene ndikuona kuti zithunzi zingazinyamule bwino koposa. Ku Mikuyu, kunja kwa mzinda uno, ndi kumene anasungako mlakatuli Jack Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu, ndipo anadutsako ndi ena ambiri amene maina awo sanalembedwe m'buku lililonse. Mabanja awo alipo. Munthu amene sangalole kamera akhoza kulola chojambula, chifukwa nkhope mutha kuisintha, dzina mutha kulibisa, koma chipinda, mbale ndi kazenera zikhale zoona. Joe Sacco, amene anajambula buku la Palestine atakhala komweko chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amadziika yekha m'mabokosi akufunsa mafunso, kuti woŵerenga asaiwale kuti pali wina amene anamva nkhaniyo ndi kusankha choti aonetse. Ngati mukutenga nkhani ya munthu wamoyo, muonetseni masamba a pensulo musanathire inki, ndipo chimene wati chichotsedwe chichotseni.

Kukwera phiri kuli paŵiri: msewu wa tala wokhotakhota wopita ku hotela ya Ku Chawe, kapena kanjira ka pansi kotchedwa Potato Path. Wapansi amaona zambiri, makamaka anthu otsika ndi mitolo ya nkhuni ndi matabwa pamutu, komanso malo amene kale panali mitengo ya paini koma tsopano patsala zitsa. M'mbali mwa msewu anyamata amagulitsa masitiroberi ndi mabulosi. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi Emperor's View pomwe anaimapo Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965. Kukacha bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje chapatali.

Kukongola kumeneku kumanyenga wojambula. Amathera masana onse pa chithunzi chimodzi chokoma chimene sichikankhira nkhani patsogolo. M'buku la masamba 16, malo otambalala chonchi apatseni bokosi limodzi lalikulu, makamaka pamasamba aŵiri apakati, pomwe woŵerenga akufunika kupuma. Nyanja ya Chilwa payokha ndi nkhani ya malo amodzi m'zaka zosiyana, popeza inaphwapo mu 1968 ndi mu 1995. Doko la Kachulu lili ndi madzi, kenako doko lomwelo mabwato ali pamatope ong'aluka: mabokosi aŵiri okha, opanda liwu lililonse, ndipo woŵerenga amadzazamo yekha zimene zinachitika pakati. Mphamvu ya nkhani za m'zithunzi imagona pa kampata koyera ka pakati pa bokosi ndi bokosi. Mukalemba pansi kuti “madzi anaphwa, anthu anavutika”, mwamulanda woŵerenga ntchito yake.

Kuphiri kumazizira ndipo nkhungu imatsika mosachenjeza, makamaka mu June ndi July. Pepala limamwa chinyezi, limafufuma, ndipo inki ikagwerapo imayenderera ngati mafuta pa chitenje. Choncho kumtunda gwiritsani pensulo yokha, HB ya mizere ndi 2B ya mithunzi, kope muliike m'jumbo. Inki mukathire kumunsi pamalo ouma, ndipo ikhale yosasungunuka ndi madzi. Dikirani iume bwinobwino musanafufute pensulo, apo ayi labala limakoka inki n'kudetsa tsamba.

Potsika, loŵerani ku Chirunga kumene kuli Yunivesite ya Malawi. Chifukwa cha ophunzira, m'dera limeneli ndi m'tauni muli malo ambiri opangira fotokope, ndipo makina amenewa ndiwo chosindikizira cha wojambula amene alibe wofalitsa. Kabuku kosavuta ndi ka A5, kamene kamatuluka mukapinda pepala la A4 pakati. Pepala limodzi limapereka masamba anayi, ndiye masamba onse akhale 8, 12, 16 kapena 20. Kabuku ka masamba 16 kamadya mapepala anayi.

Jambulani tsamba lililonse pa A4 yathunthu, makina adzachepetse kufika pa 71 peresenti. Kuchepetsaku kumabisa kunjenjemera kwa dzanja, koma kumadyanso mizere yopyapyala. Mzere wa cholembera cha nsonga ya mamilimita 0.1 umazimiririka, choncho gwiritsani 0.3 kapena 0.5, ndi burashi pa malo akuda. Siyani malire a sentimita imodzi ndi theka kuzungulira tsamba, poti makina sasindikiza mpaka m'mphepete. Mthunzi wopaka ndi inki yosungunula kapena pensulo umatuluka wamathothomathotho. Pangani mthunzi ndi timizere topingasa kapena timadontho. Malo aakulu akuda bii amatuluka ndi mikwingwirima yotuŵa ngati tona yatsala pang'ono kutha, ndiye pemphani tsamba limodzi loyesera musanalamule onse. Pa pepala wamba la 80 gsm (muyezo wa kulemera kwa pepala) chakuda chimaonekera kuseri, kotero musaike tsamba lodetsedwa kwambiri kumbuyo kwa tsamba la mawu ang'onoang'ono.

Pa mawu ndi pamene ojambula athu ambiri amagwa. Amayamba ndi chithunzi, n'kujambula kabaluni kakang'ono kolembamo zimene munthu akunena, kenako n'kumapanikiza mawu m'katimo. Mawu a Chichewa ndi aatali, ndipo liwu limodzi lingadzaze mzere wonse. Lembani mawu poyamba, zilembo zotalika mamilimita osachepera atatu ndi theka pa A4, kenako muzungulize baluni, chithunzi chibwere pomaliza m'malo otsala. Baluni limodzi lisapose mawu khumi ndi aŵiri. Wolankhula poyamba akhale kumanzere kapena pamwamba, chifukwa diso limayambira kumeneko. Mukawasemphanitsa, yankho limaŵerengedwa funso lisanafunsidwe. Ndipo anthu alankhule monga amalankhulira ku Zomba, Chiyawo chikaloŵerera pamsika chisiyeni momwemo.

Kusanja masamba kumasokoneza ngati simunapange kachitsanzo. Pindani mapepala anayi opanda kanthu, lembani manambala 1 mpaka 16, kenako muwamasule. Mudzaona kuti pepala loyamba lili ndi 16 kumanzere ndi 1 kumanja, kuseri kwake 2 ndi 15. Lachiŵiri lili ndi 14 ndi 3, kuseri 4 ndi 13. Lachitatu 12 ndi 5, kuseri 6 ndi 11. Lachinayi 10 ndi 7, kuseri 8 ndi 9. Manambala aŵiri oyandikana nthawi zonse amapanga 17, ndipo akapanda kutero ndiye kuti penapake palakwika. Masamba otsatizana amene ali papepala limodzi mbali imodzi ndi 8 ndi 9 okha, n'chifukwa chake chithunzi cha kuphiri chija chiyenera kukhala pamenepo. Posindikiza kuseri, yang'anitsitsani kuti pepala lisaloŵe chadodolido. Uzani wa makinayo kuti, “Achimwene, tiyese limodzi kaye,” mulipinde, muliŵerenge, kenako apitirize.

Chikuto chikhale cha pepala lolimbirapo, la 160 gsm ngati makina akulilandira. Sitepula wamba safika pakati pa buku. Itambasuleni, ikani kabuku chafufumimba pamwamba pa labala, khomani pamzere wopinda, kenako mutembenuze ndi kupinda timiyendo ta waya ndi rula. Mawaya aŵiri akwana. Mapepala am'kati amatulukira pang'ono kutsogolo mukapinda, ndiye dulani ndi lezala ndi rula yachitsulo mabuku atapanikizidwa usiku wonse pansi pa chinthu cholemera.

Yambani ndi makope makumi aŵiri kapena atatu, muone momwe anthu akuŵerengera ndi pomwe akusokonekera, musanawononge ndalama pa ambiri. Mapepala oyambirira a inki asungeni m'envelopu pamalo ouma, ndipo mukapeza sikana muwasunge pa kompyuta pa 600 dpi (timadontho 600 pa inchi), akuda ndi oyera okha. Kabuku kakakula n'kufika pofuna kugulitsidwa m'masitolo a mabuku, nambala yozindikiritsa buku yotchedwa ISBN imatengedwa ku National Archives komweko, ndipo lamulo limafuna kuti buku lofalitsidwa m'dziko muno lisiyidweko kope lake.