Mzinda wokhala ngati mbale m'beseni

Sabata yatha aphunzitsi athu a jogalafe anatipatsa funso loti tikalembe kunyumba: kodi mzinda wa New Orleans ku America unayenera kumangidwanso namondwe wa Katrina atauwononga? Ine ndinaseka chamumtima. Ndisanatuluke n'komwe m'kalasi ndinali nditalemba kale chiganizo choyamba: anthuwo akanangosamuka basi.

Zifukwa ndinali nazo. Namondweyu anafika pa 29 Ogasiti 2005, zipupa zotchinga madzi zinagumuka, ndipo pafupifupi magawo 80 pa 100 a mzindawu anamira. Anthu oposa 1,000 anafa. Aphunzitsi anabwera ndi beseni la madzi, n'kuikamo mbale ya ndiwo. "Mzindawu ndi uwu," anatero. Kenaka anakankha mbaleyo pang'ono ndi chala, madzi n'kudumpha m'mphepete, phwii. Pafupifupi theka la New Orleans ndi lotsika kuposa nyanja yamchere, lili pakati pa mtsinje wa Mississippi ndi nyanja ya Pontchartrain, choncho madzi akalowa satuluka okha, mpaka mapampu awapope. Munthu wanzeru angamangenso m'mbale?

Loweruka kunyumba kunafika amalume ochokera ku Msoro, atanyamula tomato wokagulitsa kumsika wa Kapata. Iwo amakhala pafupi ndi Lupande, ndipo dzinja lapitali madzi anawagwetsera khitchini n'kukokolola mbali ya munda. Poti mutu wanga unali utadzaza ndi za m'buku, ndinawafunsa: "Amalume, bwanji osangosamukira kumtunda?"

Anayamba asamba m'manja, osafulumira. "Iwe, kumtunda ukunenako ndizikadya miyala? Tomato uyu wachokera kudimba. Madzi omwe agwetsa khitchiniwo ndi omwenso akulipira fizi ya mlongo wako. Nanga manda a agogo ako ndiwasenze pamutu?"

Ndinalibe poyankha. Usiku womwewo ndinabwerera ku zomwe ndinkawerenga, ndipo ndinaona zinthu zimene poyamba ndinangozilumpha. New Orleans sanamangidwe pamenepo mwangozi: ndi doko, ndipo chimanga ndi soya wambiri wa ku America amatsika ndi Mississippi kukakwera zombo cha kumeneko. Ndinakumbukira Beira, mzinda wa doko ku Mozambique. Namondwe wa Idai anausakaza mu Malichi 2019, koma sindinamvepo mlimi wa kuno akunena kuti Beira asiyidwe, pomwe fetereza wina amene timathira m'minda mwathu amatsikira padoko limenelo. N'zosavuta kusamutsa anthu ndi cholembera, makamaka anthu oti sudzaonana nawo.

Chimene chinandigwira kwambiri ndi nkhani ya mapu. Mu Januwale 2006, komiti yomwe meya Ray Nagin anakhazikitsa inatulutsa ndondomeko yomangiranso mzinda, ndipo pamapu ake madera ena otsika anaikidwa madontho obiriwira, kusonyeza kuti mwina adzasanduka mapaki. Ambiri okhala m'madera amenewo anali anthu akuda, ndipo ochuluka anali akadali kothawira. Taganizani, uli kwa eni, watsegula nyuzi, n'kupeza nyumba yako yapakidwa zobiriwira popanda wokufunsa. Anthu anakwiya, a ku Broadmoor, limodzi mwa madera amenewo, anasonkhana n'kupanga ndondomeko yawoyawo, ndipo maganizo a madontho aja anafera pomwepo.

Mzinda anaumanganso. Boma la America linaika ndalama zoposa madola mabiliyoni 14 pa zipupa, zitseko za madzi ndi mapampu, ndipo namondwe wa Ida atabwera mu 2021, pa 29 Ogasiti pomwepo, zipupazo zinapirira, ngakhale magetsi anazima mzinda wonse. Komabe si onse anabwerera. Kalembera wa 2000 anapeza anthu pafupifupi 485,000, wa 2010 anapeza pafupifupi 344,000, ndipo kudera lina la mzindawu lotchedwa Lower Ninth Ward malo ambiri amene panali nyumba pamera udzu. Nthakanso ikutitimirabe pang'onopang'ono. Apa ndiye pakundisautsa mpaka pano, chifukwa chiganizo changa choyamba chija sichinali chabodza kotheratu.

Ndinachikhwatcha ndithu. Ndalemba kuti amange, koma malo otsikitsitsa anthu asiye okha atafunsidwa ndi kulipidwa mokwanira, osati pochita kuona pamapu. Kaya aphunzitsi apereka mamalikisi angati. Amalume anabwerera Lolemba, tomato atatha yense. Akuti khitchini aimanganso mwezi wamawa, ulendo uno pachulu cha kuseri kwa nkhokwe.