Mbendera ya pa Victory ndi nyemba za pamphasa

Kwa masabata atatu ndakhala ndikuwerenga za nkhondo za nthawi ya Napoleon, wolamulira wa France, ndipo mawu amodzi anandiimitsa: flagship. M'kope langa ndinali nditalemba kuti ndi sitima yankhondo yaikulu kuposa zonse, yonyamula mbendera ya dziko. Nditafika pa mbiri ya HMS Victory ya ku Britain ndinafufuta mzere umenewo. Sitima iliyonse yankhondo inkanyamula mbendera ya dziko lake. Mbendera imene ikunenedwa apa ndi ya munthu, mkulu wa gulu lonse la sitima, amene amamutcha admiral. Akakwera sitima, mbendera yake amaikweza pamlongoti. Akatsika, nayo imatsika, ndipo sitimayo imakhalanso ngati zinzake.

Victory anayamba kuimanga ku Chatham, ku England, mu 1759, potsatira mapulani a Thomas Slade, ndipo anaiika pamadzi mu 1765. Inadya mitengo pafupifupi 6,000, yambiri ya oak. Kenako inangokhala pamtsinje wa Medway zaka 13 osagwira ntchito, chifukwa nkhondo imene anaimangira inali itatha kale. Mu 1778 m'pamene Augustus Keppel anakweza mbendera yake pa iyo n'kupita nayo ku nkhondo ya Ushant. Pambuyo pake panakwera Richard Howe mu 1782, kenako Samuel Hood ku Toulon mu 1793, ndi John Jervis ku Cape St Vincent mu 1797. Ine ndinkaidziwa ngati sitima ya Nelson basi. Koma pamene Horatio Nelson, admiral wotchuka wa Britain, ankakweza mbendera yake mu 1803, sitimayi inali nkhalamba ya zaka pafupifupi 40, inali itatsitsidwapo n'kukhala chipatala cha akaidi ankhondo, ndipo anali atangoikonza kumene kwa zaka zitatu.

Chinandithandiza kuiona m'maganizo ndi Ilala, sitima yokhayo imene ndinakwerapo. Chipinda chachitali cha mizinga cha Victory n'cha mamita 57, ndiye kuti n'chotalikirapo pang'ono chabe kuposa Ilala. M'menemo munkakhala anthu oposa 800 ndi mizinga 104 yosanjidwa m'magawo atatu. Amalinyero ankagona pansalu zopachika pamwamba pa mizinga. Ndikakumbukira kupanikizana kwa pansi pa Ilala usiku, matumba a usipa ali mbali iyi, amayi ndi ana ali mbali iyo, ndimazizwa kuti anthu amenewa ankakhala chotero kwa miyezi, mtunda osauona.

M'sitima imodziyi munali atsogoleri awiri. Kaputeni Thomas Hardy ndiye anali mwini matanga, chakudya, mizinga ndi mwambo wa amalinyero. Nelson anali ndi chipinda chake chachikulu kumbuyo, mlembi wake ndi mapu ake, ndipo maso ake anali pa gulu lonse. Kunalibe wailesi. Lamulo linkayenda ndi mbendera zing'onozing'ono za mitundu yosiyanasiyana, iliyonse yoimira nambala, ndipo manambalawo ankawamasulira ndi buku la mawu limene Home Popham anakonza. Sitima zopepuka zinkaima pambali n'kumabwereza mbenderazo kuti akutali aone.

Apa pali kankhani kamene kandikhalira m'mutu. M'mawa wa pa 21 October 1805, pafupi ndi Cape Trafalgar kum'mwera kwa Spain, nkhondo yolimbana ndi sitima za France ndi Spain itatsala pang'ono kuyamba, Nelson anafuna kuuza anthu ake kuti England ikukhulupirira kuti aliyense achita ntchito yake. Msilikali woyang'anira mbendera, John Pasco, anamupempha kuti mawu akuti confides asinthidwe akhale expects, chifukwa expects anali m'buku muja pomwe confides akanafunika kulembedwa chilembo chimodzichimodzi. Nelson anavomera. Uthenga wotchuka kwambiri m'mbiri ya asilikali apamadzi a Britain unasintha kuchoka pa "ndikukukhulupirirani" n'kukhala "ndikuyembekeza kuti mutero" chifukwa cha kuchepa kwa nthawi ndi kuchepa kwa mawu m'buku. Kwa ine mawu awiriwa ndi osiyana kwambiri, ndipo ndimakonda oyambawo.

Nkhondo yeniyeniyo sindinkaimvetsa mpaka madzulo ena pamene ndinatseka buku n'kukatapa nyemba ndi chimanga kukhitchini. Ndinayala mphasa pakhonde. Njere 33 za chimanga ndinaziika pamzere umodzi wopindika, kuimira sitima za France ndi Spain zimene ankatsogolera Pierre-Charles Villeneuve. Nyemba 27, zoimira sitima za Britain, ndinazigawa mizere iwiri yolunjika pakati pa chimangacho. Mng'ono wanga amene ali Folomu 2 anagwada pambali n'kumayang'ana, kenako analoza nyemba yoyamba. "Achimwene, iyi ndiye ifa msanga. Onsewa akuombera yomweyi." Ananena zoona. Mizinga ya sitima za nthawi imeneyo inali m'mbali, kotero sitima yobwera chamutu sinkatha kubwezera mpaka itafika. Nyemba yoyamba ya mzere umodzi inali Victory, ya mzere winawo inali Royal Sovereign ya Cuthbert Collingwood, wachiwiri kwa Nelson. Akuluakulu awiriwo anadziika kutsogolo.

Mphepo inali yochepa tsikulo, ndiye Victory inkayenda mokwawa kwinaku ikuomberedwa kwa mphindi pafupifupi 40. Mlembi wa Nelson, John Scott, anafa asanafike n'komwe pamzere wa adani. Chiwongolero chinaphwanyika, moti sitimayo ankaiwongolera pansi ndi zingwe. Itadutsa kumbuyo kwa Bucentaure, sitima ya Villeneuve, inakhuthulira mizinga yake m'mawindo akumbuyo, kenako inakolana ndi Redoutable, sitima ina ya France. Cha m'ma 1:15 masana, msilikali amene anali pamlongoti wa Redoutable anawombera Nelson paphewa, chipolopolo n'kukathyola msana. Anamwalira cha m'ma 4:30 atamva kuti apambana. Pa Victory panafa anthu 57 ndipo 102 anavulala. Britain sinataye sitima ngakhale imodzi, pomwe adani anataya 18 tsiku lomwelo.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati kunali kwanzeru kuika mtsogoleri wa gulu lonse pamalo oopsa chotero. Maganizo anga ndi akuti utsi ukangodzaza, mbendera zija sizinkaonekanso, ndipo Nelson ankadziwa zimenezi. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya Victory inachitika nkhondo isanayambe, pamene anaitanira makaputeni ake ku chakudya m'chipinda chake n'kuwafotokozera dongosolo lonse. Atatero, chimene chinatsala chinali chitsanzo. Komabe mtima umandiwawa ndikaganiza za amalinyero wamba a m'sitimayo, amene ena mwa iwo anawalowetsa usilikali mokakamiza, ndipo anafa chifukwa mbendera ya mkulu inali pamlongoti wawo.

Madzulo a tsiku la nkhondolo ulamuliro unapita kwa Collingwood. Popeza Royal Sovereign inali itathyokedwa milongoti, iye anasamukira pa Euryalus, sitima yaing'ono ya mizinga 36, ndipo kuyambira pamenepo imeneyo ndiyo inali flagship. Victory, imene inali ndi mtembo wa Nelson mumgolo wa burande, anachita kuikoka mpaka ku Gibraltar.

Atayikonza inatumikiranso James Saumarez ku nyanja ya Baltic kuyambira 1808 mpaka 1812. Mu 1922 anailowetsa m'doko louma ku Portsmouth, ku England, kumene ili mpaka lero, ikulimbana ndi chinyezi ndi tizilombo tofumbula matabwa. Sanaichotse pamndandanda wa sitima zankhondo, ndipo kuyambira 2012 ndi flagship ya First Sea Lord, mkulu wa asilikali onse apamadzi a Britain, ngakhale kuti patha zaka zoposa 100 isanakhudze madzi.

Mng'ono wanga wandipempha kuti Loweruka tiyalenso mphasa. Akufuna aone chimene chikanachitika sitima zakutsogolo za Villeneuve zikanatembenuka msanga, ndiye ndamuuza kuti chimanga adzayendetse ndi iye.