Nsambo ya mabuleki

Lachinayi, usiku

Tulo sitikubwera. Kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi n'kodziwika kale, malata amatulutsabe moto mpaka pakati pa usiku, koma lero si kutentha kokha. Ndi mawu a bambo wina wokonza njinga omwe akungolira m'khutu ngati udzudzu wolowa m'neti.

Zinayamba ndi nsambo. Dzulo madzulo ndikuyeserera, nsambo yoyamba, yowonda ija ya E, inangoti thaa, n'kundikwapula pachala. Kuno thukuta la m'manja ndi chinyezi cha kunyanja zimadya nsambo msanga, ngakhale uzizipukuta ndi kansalu ukamaliza kuyimba, dzimbiri limagwira basi. Zosinthira ndimaitanitsa kwa msuweni wanga ku Blantyre, iye n'kupatsira kondakitala wa minibasi, ndipo sizingafike sabata ino. Pomwe mawa tili ndi pulakatisi, Loweruka tikukayimba ku loji ina ya m'mbali mwa nyanja, njira ya ku Monkey Bay. Mnzanga woyimba ng'oma ndiye anandiuza kuti ndipite kwa madala ena okonza njinga chakumsika. Anati ndikangowaonetsa gitalayo, zinazo adziwa okha.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa nimu, chubu chili m'beseni la madzi akufufuza pobowoka, anyamata atatu a kabaza atakhala pabenchi kudikira njinga zawo. Anandipatsa moni m'Chiyao, ine n'kuyankha m'Chichewa, poti kwathu ndi ku Ntcheu ndipo Chiyao changa chimathera pa moni pomwepo. Sanadandaule. Anapukuta manja pa ovololo, n'kulandira gitala ndi manja awiri monga momwe amalandirira khanda.

Anatenga waya wakale wa mabuleki, n'kudula chidutswa. Wayayu ndi timawaya tambiri topotedwa pamodzi. Anamasula pang'onopang'ono mpaka kusolola kamodzi, n'kukawongola pokakoka pa chitsulo, n'kukapukuta ndi kansanza ka oyilo. Kumapeto kwake anamangirira kanati kakang'ono kuti kagwire m'bowo. Zala zakuda bii ndi girizi, zikhadabo zong'ambika, koma palibe pamene anaphonya. Atayamba kupotokola kachitsulo kochunira ndinatulutsa foni n'kutsegula tuner yanga, ija imaonetsa pamene mawu a nsambo afika. Singano inakwera, C, kenako D. Iwo anaima pomwepo.

"Ikwere pang'ono, bambo, isanafike pa E."

"Mwanawe, ukayikoka kuposa apa idukanso. Waya uyu sanabadwire gitala."

Ndinaganiza kuti basi, ntchito yawonongeka. Koma m'malo mokweza nsambo yatsopanoyo, iwo anatsitsa zinzake kuti ziyitsatire. Yaikulu ija ya pamwamba anaitsitsa kuchoka pa E kufika pa D, yotsatira kuchoka pa A kufika pa G. Foni sanayiyang'ane n'komwe, khutu linali pa thabwa la gitala. Atamaliza anangodutsitsa chala pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi, dzanja lamanzere lili pabondo osadina paliponse, ndipo inatuluka khodi ya G yathunthu, yoyera, mawu a nsambo zonse akugwirizana. D, G, D, G, B, D. Anagoneka chala chimodzi pa fureti yachisanu, timizere tachitsulo tija ta pakhosi pa gitala, yatuluka C. Pa yachisanu ndi chiwiri, D. Makhodi atatu omwe amanyamula nyimbo zambiri za kwathu kuno, ndi chala chimodzi chokha.

Ine gitala ndinayamba mu 2022, ndi makanema a pa YouTube omwe ndinkatsitsa ndi bandulo ya usiku. Khodi ya F yokha inanditengera miyezi inayi, nsonga za zala kutupa matuza, kuphulika, kuuma. Ndimanyadira zimenezo mpaka lero. Koma palibe kanema ngakhale mmodzi mwa amene ndinaonera amene anandiuza kuti gitala ungayichune mwanjira ina n'kukhalabe gitala. Pofika kunyumba ndapeza kuti kachunidwe kameneka kali ndi dzina, open G, ndipo nsambo zinayi zoyambirira zimafanana ndi za banjo ya nsambo zisanu. N'zomveka, chifukwa bambowa anakulira pa banjo. Anandiuza kuti yoyamba anakhoma okha ndi chigubu cha mafuta ndi chikopa cha mbuzi, nsambo zake mawaya a mabuleki omwewa, ndipo ankayimba m'maukwati ndi mnzawo wa babatoni, chija cha nsambo imodzi chomwe woyimba amachikhalira pamwamba. Mnzawoyo anamwalira kale.

Kenako anayimba. Chala chachikulu chikugunda nsambo zazikulu mosalekeza, chamkombaphala chikutola nyimbo pa zing'onozing'ono, ngati pali anthu awiri pa gitala imodzi. Nyimboyo inali ya m'Chiyao, ndinatolamo mawu owerengeka chabe. Mnyamata mmodzi wa kabaza anayamba kugogoda sipanala pa limu ya njinga. Mayi wogulitsa mandasi tsidya la msewu anavomera kolasi ali chikhalire, osatembenuka n'komwe, uku akubweza chenji.

Sindikudziwa chinandituma n'chiyani. Mwina ndinkafuna aone kuti nanenso ndili ndi changa. Ndinawauza kuti ndajambula nyimbo, n'kuwapatsa hedifoni. Ndi nyimbo ya rege yakunja, imodzi mwa zomwe timayimbira alendo ku maloji. Ndaijambula masabata atatu, ndekha, pa BandLab, pulogalamu yojambulira nyimbo pa foni: gitala yoyamba, gitala yachiwiri, bezi yobwereka, mawu. Nthawi yojambulira kwathu kuno ndi yochepa, kuyambira pamene mabala atseka masipika mpaka pamene azana ya m'bandakucha yayamba kumzikiti wapafupi, tambala n'kulowererapo. Mawu ndinajambula nditafunda bulangete kumutu kuti malata asabweze phokoso, m'kutentha komweku, thukuta likugwera pa foni. Vesi yachiwiri ndinaibwereza ka 23. Ndinawerenga.

Anamvetsera yonse, mphindi zinayi, maso ali pansi, chubu chija chikuyandama m'beseni. Itatha anavula hedifoni n'kuyipukuta asanandibwezere.

"Wayimba bwino. Palibe pamene walakwitsa."

Ndinathokoza.

"Koma unali wekha, eti?"

Ndinati inde, zida zonse ndayimba ndine, chimodzichimodzi, n'kuziphatikiza. Ndinayankhula monyadira, poganiza kuti adabwa.

"Zikumveka," anatero. "Wa beziyu sakumumva wa gitala. Wa gitala sakumumva woyimba. Onse akumvera munthu wina yemwe ine sindikumumva."

Munthu winayo ndi metronome, kachida kogogoda mofanana kuti woyimba asathamange kapena kuchedwa. Ndinayitchera kuti izigogoda ka 76 pa mphindi ndipo chida chilichonse ndinajambula ikugogoda m'khutu, pomaliza n'kuyichotsa. Sindinawauze zimenezo. Iwo mwina sanaionepo n'kale lonse, koma anaimva malo amene inasiya.

Ndinayesa kufotokoza kuti masiku ano nyimbo zimajambulidwa choncho, ngakhale m'masitudiyo akuluakulu. Anavomera ndi mutu, sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Nanga mwini nyimboyu, mawu awa ankamuuza ndani?" Ndinati sindikudziwa, mwina mkazi wake. "Nanga iwe ukumuuza ndani?" Apo ndinangoti kukamwa yasa. Mnyamata wa sipanala uja anaseka, osati mwachipongwe, koma zinandilasa ndithu. Ndalama ya waya anakana. Anati ndidzabwere ndi gitalayo Lachisanu lina akachoka ku Juma, ntchito ikachepa.

Sindinapite kunyumba. Ndinadutsa pa nsanja ya wotchi ija n'kukaima pakati pa mlatho wa Bakili Muluzi, gitala kumsana, kuyang'ana Shire akutsetsereka kupita ku Malombe. Mtima unali utatupa, ndipo ndinayamba kuwayankha bambo aja m'mutu, mayankho onse omwe anandithawa pansi pa nimu paja. Kuti metronome yomweyo ndi imene inandichiritsa matenda othamanga, chifukwa chaka chatha woyimba ng'oma ankachita kundiponyera diso pa nyimbo iliyonse ndikafika pa kolasi. Kuti ndilibe ndalama ya situdiyo yoti tonse anayi tilowe n'kujambula limodzi, ndipo foni imodzi pakati pa chipinda imangomva ng'oma zokhazokha. Kuti nyimbo za eni ndi zimene zimatilipirira minibasi ndi batire, chifukwa mlendo wochokera ku Lilongwe kapena kunja akakhala pamchenga ndi botolo lake amafuna nyimbo yomwe akuidziwa kale. Zonsezi n'zoona ndipo sindikubweza ngakhale chimodzi. Kuyimba nyimbo ya wina bwinobwino ndi sukulu, ndimo ndaphunzirira pafupifupi zonse zimene ndikudziwa.

Koma nditavala hedifoni pamlatho pomwepo n'kumvetseranso, ndinamva zomwe iwo anamva. Pali malo ena mu vesi yachiwiri pamene mawu amafuna kuchedwa pang'ono, kupuma, ndipo bezi imangodutsa osadikira. Tikamayimba nyimbo yomweyi ndi anyamata, wa bezi amandidikira pamenepo. Sitinapanganepo, amangondiyang'ana pakhosi n'kudziwa. M'foni mulibe wondiyang'ana pakhosi.

Chikundiwawa kwambiri si chakuti anapeza chilema. Ndi chakuti anthu onse omwe ndawatumizira pa WhatsApp anayankha ndi timalawi tamoto ndi "zili bho", ndipo ine ndinakhuta nazo. Ndinali nditakonza zoyiika pa YouTube Lamlungu. Ndinali nditawerenga kale za umwini wa nyimbo, kuti kumeneko makina awo akaizindikira nyimboyo, ndalama ya malonda imatha kupita kwa eni ake, ndipo kuno kwathu nkhani zotere zili m'manja mwa COSOMA, bungwe lomwe lakhala likutolera ndalama za oyimba kuyambira 1992. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, mwini nyimbo adye thukuta lake, n'chilungamo. Ndinkaganiza kuti funso la umwini lathera pamenepo. Bambo aja afunsa lina lomwe lilibe fomu yolemba.

Ndikumuuza ndani? Ndakhala ndikulitembenuza kuyambira madzulo. Chingerezi cha nyimboyo ndimachimva, liwu lililonse ndinalilemba m'kope. Koma poyimba ndimaganiza za katchulidwe, kuti lilime lisandipereke pa r ndi l. Sindinaganizepo za munthu. Pomwe pali nyimbo ina yomwe amayi ankayimba akusinja ku Ntcheu, ya mizere iwiri yokha, imene sindingathe kuyimba osaona nsana wawo ukukwera ndi kutsika. Imeneyo sindinaiyesepo pa gitala. Sindinkaiwerengera ngati nyimbo yoti munthu n'kuyeserera.

Nditadya ndinaiyesa, pa kachunidwe ka bambo aja. Chala chachikulu chikukana kuyenda pachokha, chikangoyamba chamkombaphala icho chimaima kudikira. Ndi ntchito ya miyezi imeneyi, ndikuiona. Nsambo ya mabuleki ija ili ndi mawu akeake, owuma, okanda pang'ono, ndipo imacheka chala kuposa yogula. Koma mizere iwiri ija inakhala pa G ndi C ngati kuti malo ake anali pomwepo kale. Ndinaibwereza mpaka aneba atagogoda khoma, ndipo sindinajambule. Foni inali pa tchaja, ndinaisiya dala.

Vuto ndi la mawa. Nyimbo zonse 14 za Loweruka ndinaziphunzira pa kachunidwe ka masiku onse, zala zimadziwa njira imeneyo yokha. Nsambo ziwiri zazikulu ndingazikweze pa mphindi imodzi, koma yoyambayo ikakwera pa E mwina iduka monga ananenera, ndipo ndikaisiya pa D ndiye kuti khodi iliyonse ndiyenera kuiganizira mwatsopano kapena kuilambalala nsamboyo usiku wonse. Mtsogoleri wa bandi sakonda zodzidzimutsa. Ndamulembera uthenga kawiri n'kufufuta.

Msuweni wayankha kuti nsambo agula Lolemba akalandira. Gitala ili pakama apa, ikadali pa D, G, D, G, B, D. Ndikayigunda ndi chigongono potembenuka imalira yokha khodi yathunthu. Achule ayamba kudambo, ndipo sindinasankhebe ngati nyimbo ija ndiyiike Lamlungu kapena ndiwapemphe anyamata kuti tiyese kujambula tonse, ng'oma tiziike panja pa khonde, chitseko chili chotsegula.