Zikomo nonse amene munagwira amayi anga dzanja ku Blue Bay

Abale anga chibwerereni ku Durban kuchokera ku Mauritius ndakhala ndikufuna kulemba izi koma ndikangoyamba misozi imayambanso, ndiye lero ndati basi ndilembe olo zituluke zosalongosoka. Ambiri mwa anthu amene ndikuwathokozawa Chichewa sachimva ndipo mwina sadzaziona n'komwe, komabe ndikufuna inuyo mudziwe zimene anatichitira ine ndi amayi.

Amene mumatidziwa mukudziwa kuti abambo anatisiya mu 2003, anapita kokapha usipa usiku kwathu ku Nkhotakota mwera n'kuwapeza pakati pa nyanja. Kuyambira pamenepo amayi sanapondenso m'madzi a m'nyanja, olo kukachapa kugombe ankatuma ife, munthu wobadwira konko. Ndiye tsiku lina ndikuwafunsa pa foni kuti amayi mukamakwanitsa zaka 65 ndikupangireni chani, anakhala chete kaye kenako akuti, bambo ako ankandiuza kuti pansi pa madzi nsomba zimakhala ndi mitundu ngati chitenje, ndikufuna ndikaone ndekha ndisanafe, koma osati nyanja yathu ija, imeneyo sindingathe.

Ndiyambe ndi amayi anzanga a chipeleganyu kuno ku Durban. Ndinasunga ndalama chaka ndi theka koma sizinakwane ya sitima yopita ku Mauritius anthu awiri, ndipo inu munagwirizana kuti ndilandire ine mwezi umene sunali wanga. Panalibe amene anandifunsa kuti ndalama zonsezo ungokathera pa ulendo wokasangalala? Mulungu akudalitseni.

Sitimayi imagulitsa yokha maulendo ikaima pa doko, umangolipira basi n'kukwera basi yawo. Ine ndinakana, osati chifukwa cha mtengo wokha ngakhale kuti wapaderawu unali pafupifupi theka, koma ndinaona kuti basi yodzaza anthu, aliyense akuthamangira kulumphira m'madzi, amayi angakhale pa mpando mpaka kubwerera osanyowa olo chala. Ndinafufuza ndekha mpaka ndinapeza bambo wina wa boti laling'ono ku Blue Bay, gombe lina la ku Mauritius konko, tinalemberana pa WhatsApp, ndinawafotokozera zonse za amayi osabisa, iwo anangoti bwerani nawo, tilibe changu. Achimwene anga a ku Johannesburg atamva sanasangalale. Anandiuza mosapsatira kuti ukapita ndi ulendo wa sitima n'kuchedwa sitima imadikira, koma ukapita pawekha imanyamuka ndi zovala zako zomwe, iwe n'kuyamba kusaka tikiti ya ndege dziko la eni, walira mvula walira matope mlongo wanga. Ataona kuti sindisintha anandikakamiza zinthu ziwiri, kunyamula mapepala a pasipoti komanso kulemba pa kapepala nambala ya agent, munthu woimira sitima pa dokolo, imakhala pa pulogalamu ya tsiku imene amakuikira mu cabin, chipinda chogona cha m'sitima. Achimwene, kapepala kameneka mumva ntchito yake.

Kuchokera ku Port Louis, komwe sitima inaima, kufika ku Blue Bay ndi pafupifupi makilomita 50, ulendo wa ola limodzi pa taxi, ukudutsa minda ya nzimbe ngati uli ku Dwangwa. Malowa ali kufupi ndi Mahébourg komanso bwalo la ndege, moti ndege zimadutsa pafupi uli m'madzi. Ndi malo otetezedwa kuyambira 1997, saloleza kuponda ma coral, zamoyo zooneka ngati miyala za pansi pa nyanja, kapena kuthyola kalikonse.

Boti lake linali lija la galasi pansi. Amayi anakhala pakatikati atagwiritsa mpando ndi manja onse awiri, maso ali kumwamba, kukana kuyang'ana pa galasipo. M'botimo munali banja lina lachikulire la pa sitima yathu yomweyo ndi mnyamata wothandizira, wazaka mwina 20. Mnyamata ameneyu ndi amene ndimamulira. Iye Creole ndi French, amayi Chichewa chokha, koma anandifunsa kuti "slowly" kwanu mumati chani, ndinamuuza kuti pang'onopang'ono, basi mawu amenewa anawagwira tsiku lonse. Anawaveka life jacket n'kumanga malamba yekha, anawaonetsa kulavulira pa magalasi ovala kumaso poona pansi pa madzi n'kutsuka kuti asachite nthunzi, anawaonetsa kuluma kapaipi kopumira, n'kuwasiya apume nako ali m'boti momwemo kwa nthawi ndithu. Kenako anatsika iye, n'kuima pa makwerero atatambasula dzanja. Sanawakoke ayi, anangodikira. Mphindi zoposa 20 abale, dzanja lili chitambasulire, akuti pang'onopang'ono mama, pang'onopang'ono, ndipo banja lija linali litasambira kale koma silinadandaule olo kamodzi.

Amayi atalowa mpaka m'chiuno anakuwa dzina la Yesu, madzi atawalowa m'kamwa analavula akuti ndi mchere wokhawokha. Madzi amchere amakuyandamitsa kuposa a kwathu, ndiye atazindikira kuti sakumira thupi linamasuka. Mnyamata uja anawagwira dzanja lamanja ine lamanzere, anaviika nkhope. Ndinamva zala zawo zikundifinya kenako zikumasuka chimodzichimodzi. Pansi pathu panali tinsomba ta mizeremizere takuda ndi toyera ngati mbuna za ku Cape Maclear, ndi nsomba ina yaikulu yobiriwira yosakaniza buluu, amati parrotfish, ikukukuta coral mpaka kumveka khutu lili m'madzi, kukutu kukutu. Amayi atadzutsa mutu analavula kapaipi kaja n'kunena kuti, sananame bambo ako. Anaviikanso nkhope osadikira kuti ndiyankhe.

Tikupuma m'boti abambo a boti aja anatilozera cha ku Pointe d'Esny komwe sitima ya Wakashio inagunda miyala mu July 2020 n'kutaya mafuta pafupifupi matani 1,000. Akuti anthu wamba ankasoka zotchingira mafuta ndi masamba a nzimbe, ena mpaka kumeta tsitsi lawo kuika momwemo, iwonso anasoka nawo usiku ndi usana. Nditawamasulira amayi anawagwira chanza kawiri.

Apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Nthawi ya ku Mauritius ili patsogolo ndi maola awiri kuyerekeza ndi ya ku Durban ndi kwathu, pa sitima amasintha mawotchi usiku koma foni yanga inalibe netiweki, inatsalira pa nthawi yakale. Ine ndikuona 1:40 ndikuti nthawi ilipo yambiri, chonsecho ili 3:40, ndipo pa sitima anati aliyense akhale atakwera pofika 5:30. Abambo a boti ndi amene anandifunsa kuti kodi sitima yanu inyamuka nthawi yanji, atamva anangoliza injini osalankhulanso. Banja lija nalo limadalira ine chifukwa ndi ine ndinakonza taxi. Ndalama ya ola limene tinawonjezera abambo a boti anakana kulandira.

Tili mu msewu waukulu tisanafike ku Curepipe tayala linaphulika. Sipeya inalipo koma jeke inakana kukwera. Mtima wanga unali thithithi, amayi ali chinyowere mu chitenje akunjenjemera chifukwa kumtundako kumazizira ndipo kunali kamvula kowaza. Mayi wa banja lija anavula juzi yake n'kuwafunditsa, anatenga kapepala ka achimwene kaja n'kuimbira agent pa foni yake, anatchula manambala a ma cabin athu n'kunena pomwe tili. Sanatilonjeze kuti adikira, koma anadziwa kuti tikubwera. Kenako panaima bambo wina wa kalole kodzaza masamba, sanafunse zambiri, anatsitsa jeke yake n'kugwada m'matope limodzi ndi a dalaivala athu. Ndinatulutsa ma rupee amene ndinali nawo, anangogwedeza dzanja kuti pitani pitani. Dzina lawo sindikulidziwa, nkhope yokha ndi imene ndasunga, ndipo ndimawapempherera.

A dalaivala anadziwa njira zolambalala mzere wa magalimoto polowa mu Port Louis, anatitsitsa pa geti 5:22. Amayi sathamanga, mawondo amavuta, ndiye bambo wa banja lija anawagwira mkono mpaka pa makwerero a sitima, ine ndikulira poyera ngati mwana. Inu a dalaivala, inu a kalole, inu a boti ndi mwana wanu wa pang'onopang'ono uja, inu banja limene sitinkadziwana m'mawa wa tsiku lomwelo, zikomo, zikomo kwambiri, ndasowa mawu ena.

Amayi anafika bwino ku Nkhotakota sabata yatha. Dzulo andiimbira akuti ukamabwera pa Khirisimasi ubweretse magalasi aja awiri, tikayambire pa gombe pomwe bambo ako ankakocheza bwato. Ndagula kale, ali mu chikwama.