Lachinayi: fani yodzaza fumbi ndi kolorini yosowa

Usiku wathawu laputopu yanga inazimanso yokha, kachitatu sabata ino. Ndinaisiya ikukonza kaimidwe ka mamolekyu angapo ndi xtb, pulogalamu ya gulu la Stefan Grimme la ku Bonn, ndipo m'mawa ndaipeza ili zii, ntchito itaima pakati. Magetsi sanathime, batire inalinso ndi moto. Nditaiyatsa n'kuyambitsanso ntchito ija, kutentha kwa processor kunafika madigiri 95 m'mphindi zochepa, ndipo pobowola pomwe pamatulukira mpweya panalibe ngakhale kamphepo. Fani imamveka ikulira, koma imangozungulira pachabe.

Ndiye tiyi ndamwa mwachangu n'kutsikira kumsika. Thermal paste ndaipeza pa benchi ya mnyamata wokonza mafoni amene ndimagulako tinthu totere. Ndamufunsa kuti, "Achimwene, yoyerayi ndi yotuwayi, yabwino ndi iti?" Iye wati, "Tengani yotuwa madala, koma musapake yambiri. Kadontho ngati njere ya mapira, basi." Ananena zoona. Phalali ntchito yake ndi kutseka timipata tosaoneka pakati pa chip ndi chitsulo cha kopa chomwe chimachotsa kutentha. Likachuluka, m'malo mothandiza limasanduka bulangete.

Kunyumba ndayala nyuzipepala patebulo, ma screw ndikuika m'zitsekerero za mabotolo motsata malo omwe achokera, chifukwa amasiyana kutalika ndipo lalitali likalowa pa lalifupi limatha kuboola bolodi. Batire ndayamba ndaichotsa. Pakati pa fani ndi tizitsulo ta heatsink ndapeza fumbi litaumbana ngati thonje la m'pilo, loti n'kulitola ndi zala lonse pamodzi. Lotsala ndachotsa ndi mswachi wakale, chala china chitagwira fani kuti isazungulire. Paste yakale inali itauma gwa, yothetheka ngati dothi la m'dambo mu Okutobala. Nditatseka n'kuyesa, kutentha sikunadutse 72.

Zimenezo zinali zophweka. Zovuta zimandidikira ku ofesi.

Mtsikana wa chaka chachinayi amene ndikumuthandiza pa kafukufuku wake anali atafika kale, nkhope ili yakugwa. Iye akuphunzira mmene pyrimethamine amagwirira enzyme ya DHFR ya Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo. Enzyme imeneyi ndi puloteni yomwe kachilomboka kamadalira kuti kachulukane. Nkhaniyi si yachilendo kwathu kuno. Pyrimethamine ndi theka la SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa lomwe linasiya chloroquine n'kuyamba SP, mu 1993, ndipo SP nayenso atafooka tinasamukira ku LA mu 2007. Mpaka lero amayi oyembekezera amalandira SP ku sikelo. Kufooka kwake kunabwera chifukwa enzyme ija inasintha pa malo ochepa chabe pa mndandanda wa ma amino acid omwe amaipanga, 51, 59 ndi 108. Pa 108, serine atalowedwa m'malo ndi asparagine yemwe ndi wokulirapo, mbali ya mankhwala yomwe ili ndi kolorini imasowa malo okwanira, ndiye sagwira zolimba ngati kale.

Ku Protein Data Bank (PDB), nkhokwe ya maonekedwe a mapuloteni, anatenga fayilo ya 1J3J, momwe muli enzyme yosintha pa 59 ndi 108 itagwira pyrimethamine. Ndinamuuza kuti asanayese mankhwala ena alionse, achotse pyrimethamine yemweyo n'kumubwezeretsa ndi AutoDock Vina, pulogalamu yoyerekeza mmene mankhwala amakhalira m'kati mwa puloteni, aone ngati abwerere pomwe anali. Mwambo wake ndi wakuti kusiyana kukhale pansi pa ma angstrom 2 (angstrom ndi muyeso wa kutalikirana kwa maatomu). Wake amatuluka atatembenuka, mutu kumiyendo.

"Aphunzitsi, ndabwereza kasanu. Mwina Vina yanga ndi yowonongeka."

Ndati, "Tiyeni tiyambe taona chomwe mwaipatsa, chemwali."

Tawerenga fayilo yake mu pulogalamu ya RDKit n'kufunsa formula. Yankho: C13H16N4. Pyrimethamine ndi C12H13ClN4. Kolorini yasowa, pabwera kaboni ndi ma hayidirojeni atatu. Titatsegula mu pulogalamu ya Avogadro n'kuyeza, kaboni wachilendoyo anali patali ma angstrom 1.74 kuchokera pa ring, pomwe kaboni weniweni akanakhala cha pa 1.5. Atomu inali pamalo pake penipeni, dzina lokha ndi lomwe linasintha.

Apa ndakhala naye pansi nthawi yaitali, chifukwa ichi ndi chinthu chomwe m'kalasi sitiphunzitsa, koma chimadya masiku a anthu. Fayilo ya PDB ndi ya makedzana. Protein Data Bank inayamba mu 1971 ku Brookhaven National Laboratory ndi mapuloteni 7 okha, nthawi yomwe deta imasungidwa pa makadi obowola. Khadi lililonse linali ndi malo 80, ndipo mpaka lero mzere wa fayiloyi ndi khadi lomwelo. Dzina la atomu limakhala pa malo 13 mpaka 16, x pa 31 mpaka 38, y ndi z motsatira, ndipo chizindikiro cha element chili kumapeto, pa 77 ndi 78. Mpata uliwonse wopanda chilembo uli ndi ntchito. CA woyambira pa 13 ndi calcium, CA woyambira pa 14 ndi kaboni wa msana wa puloteni. Mtsikanayu podula mizere ya mankhwala anaikopera mu pulogalamu yolembera makalata, n'kufufuta zakumapeto poganiza kuti n'zosafunika, ndipo poyesa kuwongola mizere kuti ioneke bwino dzina la kolorini linasunthira kumanja malo amodzi. Pulogalamu yowerenga itasowa 77 ndi 78, inayang'ana pa 13 ndi 14, inapeza mpata ndi C, n'kunena kuti kaboni. Inachita zomwe lamulo la fayiloyo limanena.

Anandifunsa chifukwa chake anthu akugwiritsabe ntchito chinthu chosachedwa kusokonekera chotere. Funso labwino. Eni nkhokweyi anasamukira ku mtundu watsopano wa fayilo, mmCIF, mu 2014, chifukwa PDB yakale singathe kusunga maatomu opitirira 99,999 ndipo dzina la tcheni ndi chilembo chimodzi basi. Mu mmCIF gawo lililonse lili ndi dzina lake, ndipo kuchuluka kwa mipata sikusintha tanthauzo. Koma mapulogalamu ambirimbiri analembedwa kuti aziwerenga zakalezo. Fayilo ya PDBQT yomwe Vina imafuna ndi PDB yomweyo, angowonjezera charge ndi mtundu wa atomu kumapeto kwa mzere.

Titabwezeretsa kolorini, mankhwala anayandikira malo ake koma osakhazikika bwino. Vuto lachiwiri linali lobisika kuposa loyamba, ndipo ili ndi limene ndimafuna kuti alimvetse. Ma X-ray omwe amajambulira maonekedwe a puloteni nthawi zambiri saona hayidirojeni, choncho mu fayilo muja mulibe. Fayilo ya PDB sinenanso momveka kuti bond iyi yolumikiza maatomu ndi imodzi, iyi ndi iwiri. Ukauza pulogalamu ya Open Babel kuti isandutse PDB kukhala SDF, fayilo yosunga ma bond, imayenera kulingalira zonsezo poyang'ana kutalikirana kwa maatomu, ndipo imachita bwino kwambiri pa ntchito yovuta chonchi. Koma singadziwe zomwe zikuchitika m'kati mwa enzyme. Mmenemo nayitrojeni woyamba wa ring ya pyrimethamine amakhala atalandira proton, ndipo hayidirojeni ameneyo ndi amene amagwirana ndi aspartate wa pa 54. Popanda iye, Vina imaona nayitrojeni wopanda chopereka atayang'anizana ndi okosijeni, ndiye imafunafuna pena pokhalira.

Fayilo iliyonse ili ndi zomwe imanyamula ndi zomwe imasiya m'njira. XYZ, yomwe xtb ndi ORCA zimalandira, ili ndi chiwerengero cha maatomu, mzere wa ndemanga, kenako element ndi x, y, z. Mulibe bond, mulibe charge, umachita kuuza pulogalamu padera. MOL ya V2000 imasunga ma bond ndi charge, koma imathera pa maatomu 999. SMILES, njira yolembera molekyu pa mzere umodzi yomwe David Weininger anafalitsa mu 1988, ilibe malo a maatomu n'komwe, koma imanena ndendende chomwe chalumikizana ndi chinzake. Ine ndimaikonda SMILES kuposa zonse chifukwa munthu angathe kuiwerenga ndi maso n'kuona cholakwika. Ndamulembera papepala:

CCc1[nH+]c(N)nc(N)c1-c1ccc(Cl)cc1

Ndamupempha kuti aiwerenge mokweza, kuyambira pa ethyl mpaka pa kolorini. Atafika pa [nH+] anaima, kenako anamwetulira. Tatenga mzere umenewu ngati chikombole, RDKit yaika ma bond pa maatomu a mu crystal kudzera mu AssignBondOrdersFromTemplate, tawonjezera ma hayidirojeni, kenako PDBQT. Ulendo uno pyrimethamine wagona pomwe anali, pansi pa ma angstrom 2, ring itayang'ana aspartate 54 ndipo kolorini ili pafupi ndi asparagine 108. Wakhala akuzunguza chithunzicho mu PyMOL kwa mphindi zambiri osayankhula. Tagwirizana kuti kuyambira lero, akasintha fayilo kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina, azilemba formula ndi charge m'kope lake asanapitirize, ndipo fayilo ya PDB azitsegula mu text editor yokha.

Madzulo magetsi anapita cha m'ma 6 koloko. Mwana wanga wamkulu ali Fomu 2 ndipo nyali yake ya sola yakhala ikuzima pakangotha theka la ola. "Adadi, mawa tili ndi mayeso a Biology." M'kabati ndimasunga batire ya laputopu ina yakufa, ndipo m'kati mwake muli ma cell 6 a 18650. Ndawayeza limodzilimodzi ndi multimeter, iye atandiunikira ndi foni. Awiri anali pansi pa ma volt 2, amenewo ndawaika padera, sindingawatchajenso chifukwa cell ya lithium yotsika chonchi ingathe kutentha n'kuyaka. Anayi anali cha pa 3.6. Ndasankha limodzi, ndalilumikiza ku kabolodi kotchajira ka TP4056 kokhala ndi chitetezo, komwe kamasiya kutchaja pa 4.2, n'kuchotsa batire yakale yotupa ya m'nyali muja. Soldering iron yanga imafuna magetsi, ndiye mawaya ndangowapota n'kumata ndi tepi, ndiwotcherera Loweruka. Mwanayu ndi amene wapota waya wofiira, ndipo wafunsa chifukwa chake wofiira ndi wakuda sayenera kukhudzana. Ndamuuza kuti moto wonse wa mu cell ungatuluke nthawi imodzi, waya n'kufiira.

Pano ndi 10 koloko. Nyali ikuyakabe patebulo, iye akujambula khutu la munthu m'kope. Magetsi abwera posachedwapa, ndipo ndayambitsanso xtb pa mamolekyu aja, pyrimethamine ndamuikira charge ya +1. Kutentha kuli pa 70, ndipo ndikaika dzanja pambali pa laputopu mpweya wofunda ukutuluka.